Kachitsulo kodyeka koteteza injini ya boti

Kumunsi kwa injini ya boti, pamwamba pa pulopela, pamakhala kachitsulo kotuwa kotchedwa anodi. Ntchito yake ndi kudyeka. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, chimodzi chimayamba kudyeka, n'chifukwa chake opanga injini amaikapo zinki kuti izidyeka m'malo mwa injiniyo.

Kutha kwa anodi kumadalira madzi. M'madzi amchere, monga a ku Beira, zinki imatha msanga, makamaka madziwo akakhala ofunda. M'madzi opanda mchere, monga a m'nyanja ya Malawi, vuto ndi lina: zinki imachita khungu loyera lolimba n'kusiya kugwira ntchito. Choncho anodi ikamaoneka yatsopano chaka chitatha, musakondwere, mwina chikudyeka ndi injini yanu. M'madzi otere anodi ya magineziyamu ndiyo yoyenera, ndipo ya aluminiyamu imathandizanso.

Anodi sipakidwa penti kapena girisi. Palani khungulo ndi sandipepa, ndipo mangitsani bawuti kuti anodi ikhudzane bwino ndi chitsulo cha injini. Ikadyeka kufika theka, ikani ina.

Pagulu panu, yezani pasikelo anodi ya boti limodzi lero, lembani kulemera kwake, mudzayezenso pakatha miyezi 3.