Mafunso ndi Mayankho: Kakadi Kotchipa mu Situdiyo

Makalata achuluka, tiyeni tiyambepo.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Limbuli. Akuti: "Tili ndi situdiyo yojambula makwaya, zinkhoswe ndi maukwati. Makasitomala ayamba kufuna kuti tiziwaonetsa pompopompo pa Facebook. Ku Limbe ndaona ka capture card kakang'ono ngati ka flash, kolembedwa 4K ndi USB 3.0, kotchipa zedi. Anzanga akuti ndi chidole. Ndigule?"

Bambo, si chidole ayi, koma zolembedwa papaketi musazimeze zonse. Kanthuka kamalandira chithunzi cha kamera pa HDMI n'kuchipereka ku laputopu pa USB, kuti pulogalamu ngati OBS Studio ichione. Timakadi totchipitsitsa tambiri tili ndi chip ya MacroSilicon MS2109, ndipo imeneyi ndi ya USB 2.0, ngakhale polowetsa pake atapaka buluu. USB 2.0 imathera pa 480 Mbps, pomwe chithunzi cha 1080p chosafinya chimafuna pafupifupi kawiri kake. Ndiye kakadiko kamachita zopanikizira, ngati wotchola tiyi amene akukakamiza masamba a madengu awiri mu dengu limodzi. Kufinya kumeneko ndiye MJPEG, ndipo pa 1080p sikapitirira mafulemu 30 pa sekondi. 4K ijanso ndi imene kamalandira, osati imene kamatulutsa.

Pa Facebook palibe angadandaule, poti Facebook nayonso imafinya, komanso ambiri akuonera pafoni ndi kabandulo kawo. Koma kanema amene mudzamukonze n'kupatsa akwati, kapena kutumiza ku wailesi ya kanema, asadutsire m'kakadimo. Kamera izijambula yokha pa memory card nthawi yonse ya mwambo. Mukatha kuwonjezera ndalama pang'ono, funani ka MS2130, ka USB 3.0 yeniyeni, kofika mafulemu 60 osafinya. Pitani ndi laputopu kushopu komweko, musankhe YUY2 pa 1920x1080 mu OBS. Chithunzi chikayamba kudumphadumpha, dziwani kuti ndi kakale kaja.

Yachiwiri ndi ya mayi ena a ku Chinakanaka, amene amaulutsa mapemphero a kutchalitchi kwawo. Akuti abusa mawu akumveka kale, pakamwa pakubwera pambuyo, ndiponso pachithunzi pamayenda mizere.

Mayi, matenda ndi awiri. Mawu ochokera ku mikisa amafika msanga, chithunzi chimachedwa m'kakadi. Mu OBS pitani pa Advanced Audio Properties, pali Sync Offset. Wina aime kutsogolo kwa kamera aombe m'manja, inu muziwonjezera mamilisekondi pang'onopang'ono mpaka kuwomba ndi phokoso zigwirizane, kenaka nambalayo muilembe pakhoma. Ndipo mawu a kwaya musawadutsitse m'kakadi ka MS2109, chifukwa pa Windows nthawi zambiri kamawapereka mono. Atengeni ku mikisa pa sound card ya USB. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma nyimbo ikamveka mokanda m'makutu, amathimitsa.

Za mizerezo, kakadi n'kosalakwa. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, pomwe makamera ambiri obwera kuchokera ku America amakhala atawaika pa mafulemu 30 kapena 60. Ikani kamera pa PAL, mafulemu 25 kapena 50, shutter pa 1/50, ndipo OBS nayonso mufananize. Mukakhala pa jenereta yosakhazikika, mizere ikhoza kubwerera. Pamenepo mababu a batire ndiwo amapulumutsa.

Yotsiriza lero ndi ya achimwene ena a ku Thuchila. Akufuna kujambula Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu Okutobala ndi makamera atatu, timakadi titatu pa laputopu imodzi.

Achimwene, apa ndiye ndikukanizani. Timakadi tofanana titatu timaoneka ndi dzina limodzi pa kompyuta. Mukangozimitsa n'kuyatsanso, kamera ya pa nsanja ya mafumu mudzaipeza ili ku gule wa tchopa, uku anthu akuonera. Tikhozanso kulimbirana njira imodzi ya USB, kamodzi n'kuuma. Nanga zingwe? HDMI ilibe loko, mwana akapunthwa imazuka, ndipo ikapitirira mamita 10 kapena 15 imayamba kuvuta. Pabwalo lalikulu ngati lija pamafunika SDI, yomwe imamanga ndi loko ya BNC n'kuyenda mamita pafupifupi 100, muike ma converter mbali zonse. Makamerawo alowe mu switcher ngati ATEM Mini ya Blackmagic, ya makomo anayi a HDMI, yomwe laputopu imaiona ngati kamera imodzi. Ngati thumba silikulola, bwerekani ya tsiku limenelo. Switcher ndi ma converter akhale pa UPS, chifukwa magetsi akaphethira laputopu imakhalabe moyo, izo zimafa. Kakadi kotchipa kaja katengeni ndithu, kakhale m'chikwama. Switcher ikakanika mudzalumikiza kamera imodzi n'kupitiriza.

Amene munafunsa za bandulo: pa 720p ndi 3,000 kbps, ola limodzi limadya pafupifupi 1.4 GB. Netiweki ya Airtel ndi TNM muiyese pamalo pomwepo, pokumbukira kuti khamu likadzaza imalemera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.