Amaloweza matebulo, koma masamu akumukanika

Funso: Mwana wanga wa Sitandade 4 amaloweza matebulo bwinobwino, koma akapatsidwa samu ya mawu amangoti kakasi. Nditani? Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, mwanayo akufunika kugwira nambala ndi manja asanaione pa bolodi. Mpatseni njere za chimanga, aunjike milu 3 ya njere 4, aone yekha kumene 12 wachokera. Mukamutuma tomato, awerengere chenji, kenako akufotokozereni mmene wapezera yankho. Kufotokozako kumaulula pamene wasokonezeka. Yambani chaka chino, chifukwa ku Sitandade 5 masamu amabwera m'Chingerezi, ndipo wosamvetsa amalimbana ndi chilankhulo ndi nambala nthawi imodzi. Akalakwa musamukalipire. Mawu oti "kwathu masamu sitiwatha" asawamve pakamwa panu, ana amawakhulupirira.