Momwe Kompyuta Yosunga Makalata Imagawira Malo Ake

Kalata ya imelo yochokera ku Nyimba kupita ku Lusaka siingodumpha kuchoka pa foni imodzi kukafika pa ina. Imayamba yafika pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe imagwira ntchito usana ndi usiku. Seva imalandira kalatayo, n'kuiika pamzere, kenako n'kufunafuna seva inzake yomwe imasunga makalata a munthu wolandira. Malamulo a momwe maseva amapatsirana makalata amatchedwa SMTP, ndipo Jon Postel wa ku America anawalemba mu 1982. Dziko la Zambia linalumikizidwa pa intaneti mu 1994 kudzera mu ZAMNET, kampani yomwe inabadwira pa Yunivesite ya Zambia. Lero mphunzitsi wa m'dera la Amfumu Mwape, namwino wa ku Petauke ngakhale mlembi wa gulu la alimi angathe kulandira uthenga wofunika kudzera m'njira imeneyi. Mfundo ya phunziro lino ndi yakuti seva yodalirika ndi imene disiki yake inagawidwa bwino, ndiponso buku lake la zochitika linaikiridwa malire.

Disiki ndi malo osungira zinthu mkati mwa kompyuta. Pa seva ya makalata pamakhala zinthu zosiyana khalidwe. Pali mapulogalamu oyendetsa kompyutayo, omwe sakula kwenikweni. Pali makalata, ena odikira kutumizidwa, ena ofika kale. Ndiye pali buku la zochitika, lomwe akatswiri amati log. M'bukuli seva imalemba chilichonse chomwe yachita: nthawi yomwe kalata yafika, komwe yachokera, komwe ikupita, ndipo ngati yakanidwa, chifukwa chake. Njira yolembera imeneyi, yotchedwa syslog, anaiyambitsa Eric Allman m'zaka za m'ma 1980 pokonza pulogalamu yake ya makalata ya Sendmail. Vuto ndi lakuti bukuli silisiya kukula. Anthu achinyengo akayamba kutumiza makalata achabechabe ambirimbiri, kapena akamayesa kulowa mu seva poganizira mawu achinsinsi, kuyesa kulikonse kumasiya mzere m'bukumo. Zonse zikakhala pamalo amodzi, bukulo limadya malo mpaka disiki kudzaza. Pamenepo kalata yatsopano imasowa pofikira, ndipo ngakhale mapulogalamu oyendetsa kompyuta amayamba kudodoma.

Mlimi wanzeru sathira chimanga ndi mtedza m'nkhokwe imodzi, chifukwa chimanga chikachuluka mtedza umasowa malo, ndipo chiswe chikalowa chimawononga zonse pamodzi. Kugawa disiki ndi nzeru yomweyo. Woyang'anira seva amadula disiki m'magawo, gawo lililonse ndi kukula kwake, ndipo zinthu za m'gawo limodzi sizingasefukire m'gawo lina. Pa makompyuta a Linux buku la zochitika limakhala pamalo otchedwa /var/log, pomwe pulogalamu ya Postfix, yomwe Wietse Venema anaitulutsa mu 1998, imaika makalata odikira mu /var/spool/postfix. Malo awiriwa akapatsidwa magawo osiyana, buku likadzaza gawo lake makalata amakhalabe ndi pofikira. Palinso phindu lina lomwe ife a kuno tiyenera kulimvetsa msanga. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi a ZESCO ankazima maola ambiri pa tsiku. Magetsi akazima mwadzidzidzi, malo omwe kompyuta inali kulembapo ndiwo amakhala pangozi kwambiri. Ngati mapulogalamu oyendetsa ali m'gawo lawolawo, lomwe sililembedwa kawirikawiri, mwayi woti kompyuta idzukenso bwino umakhala waukulu.

Ena amatsutsa kuti kugawa n'kutaya malo, poti gawo lina lingadzaze pomwe lina lili mbee. Zimenezi n'zoona, ndipo kale linali dandaulo lomveka ndithu. Koma masiku ano pali chida chotchedwa LVM chomwe chimalola kukulitsa gawo popanda kufufuta zomwe zilimo, choncho woyang'anira amayamba ndi magawo aang'ono n'kusiya malo ena apadera. Ena amati madisiki a lero ndi aakulu, sangadzaze. Yankho ndi lakuti disiki yaikulu imangochedwetsa tsiku la vuto, chifukwa pulogalamu yosokonekera imatha kulemba dandaulo limodzi mobwerezabwereza usiku wonse popanda woiletsa. Kugawa pakokha sikukwaniranso. Pamafunika kapulogalamu kotchedwa logrotate, komwe kamatseka buku lakale pa nthawi yoikika, monga pa sabata, n'kulipanikiza kuti lichepe, n'kutsegula latsopano, ndipo mabuku akale kwambiri kamawafufuta.

Nanga bwanji osangosiya kulemba bukulo? Funso ili ndi lolemera, chifukwa m'bukumo mumaoneka kuti wakuti analembera wakuti pa ola lakuti, ngakhale kuti mawu a m'kalatayo salembedwamo. Munthu ali ndi ufulu wodera nkhawa zimenezi, ndipo Zambia ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, la mu 2021. Komabe seva yopanda buku imasiya wosauka alibe mboni. Tiyerekeze kuti mtsikana wa kwa Mwape watumiza kalata yofunsira ntchito tsiku lomaliza lisanakwane, koma olemba ntchito akuti sanailandire. Buku la zochitika ndilo lingasonyeze ngati kalatayo inafika, inakanidwa, kapena ikadali pamzere. Seva yolandira ikakhala yodzaza imayankha kuti ayesenso nthawi ina, ndipo Postfix, ikasiyidwa momwe imabwerera, imayesabe kwa masiku 5 isanabweze kalata kwa mwini wake. Masiku amenewo ndi okwanira kuti munthu ataye mwayi wa ntchito iye asakudziwa kanthu. Choyenera si kutaya bukulo ayi, koma kulisunga kwa nthawi yodziwika, kuliteteza kuti aliwerenge okhawo oyenera, ndiponso kutumiza kope lake ku kompyuta ina, chifukwa wakuba akalowa mu seva amathamangira kufufuta mapazi ake.

Inu ophunzira, mwina simudzagwirako seva ndi manja anu, koma makalata anu amadutsa m'menemo. Mukatumiza imelo yofunika, lembani m'kope tsiku, ola ndi adiresi yomwe mwatumizako. Uthenga wokubwezerani kalata ukafika, musaufufute ngakhale uli m'Chingerezi chovuta, chifukwa muli nambala yosonyeza chomwe chalakwika. Wina akakuuzani kuti kalata yanu inasowa, mupatseni zimenezi ndipo mupemphe kuti woyang'anira makompyuta akayang'ane m'buku la zochitika.