Kupanga Bokosi la Makina a Maseŵera

Anzanga, pali makina amaseŵera amene amalumikizidwa ku wailesi ya kanema. Ena mwa iwo ndi Atari 2600, amene anatuluka ku Amereka mu 1977.

Mu 2000, munthu wina wa komweko, Ben Heckendorn, anatsegula makinawa. Anadula za m'kati kuti zichepe. Anaikamo mabatire ndi kagalasi koonetsa zithunzi. Tsono bokosi lakale linakula, ndipo iye anapanga lina laling'ono, lonyamula m'manja.

Mmisiri wa mabokosi otere amayamba ndi kuyeza. Amajambula pa pepala malo a mabatani ndi a mawaya. Amayamba wayesa ndi katoni, poti katoni salira ndalama. Zikakwanirana, ndiye amadula pulasitiki kapena thabwa.

Koma asaiŵale mabowo a mpweya. Makina akamagwira ntchito amatentha. Akatsekeredwa ponseponse amapsa, ndalama n'kuloŵa m'madzi. Paja chimanga nachonso chimaola m'nkhokwe yosaloŵa mpweya.

Mafunso
1. Kodi Ben anapangiranji bokosi latsopano?
2. N'chifukwa chiyani mmisiri amayamba ndi katoni?
3. Mabowo ntchito yake n'chiyani?