Kuchoka kubusa mpaka upulofesa wa Chemistry

Anzanga a Fomu 2, makamaka atsikana amene mukuti chaka chamawa Chemistry muithawa, taimani kaye muwerenge. Inenso ndinkafuna kuisiya, poti labu tilibe, asidi timangomuonera m'buku. Inandibweza ndi nkhani ya Pulofesa Tebello Nyokong.

Mayiwa anabadwa mu 1951 ku Lesotho. Ali mwana, lero amapita kusukulu, mawa kubusa ndi nkhosa, ngati mmene enafe timachitira ndi mbuzi m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu. Kusekondale anzawo anawaopseza kuti sayansi njovuta, iwo n'kumvera. Anabwererako kutatsala zaka ziwiri zokha kuti alembe mayeso omaliza, komatu anakhoza! Digiri yoyamba anaitenga kwawo mu 1977, PhD ku Canada mu 1987, ndipo mu 1992 anayamba kuphunzitsa pa Rhodes University ku South Africa. Mu 2009 analandira mphoto ya L'Oréal-UNESCO.

Nanga amafufuza chiyani? Paja inorganic chemistry imaona kwambiri za zitsulo ndi michere. Iwo amagwiritsa ntchito utoto wa buluu, wokhala ngati wa jinzi, umene pakati pa molekyu yake amaikapo atomu ya chitsulo monga zinc. Utotowo ukalowa m'thupi umakaunjikana m'chotupa cha khansa. Akauunika ndi kuwala kofiira kwa laser, umasandutsa oxygen wa pamenepo kukhala waukali, maselo a khansa n'kufa.

Zinc ameneyu si wachilendo ayi. Ndi uja wa nambala 30 pa periodic table, yemwe amakutira malata athu kuti asachite dzimbiri. Mukamapita kwanu lero mumuyang'ane padenga.