Za Kubwezera Mphamvu Galimoto Yakale

Inu eni nyumba amene muli ndi galimoto yakale yonyamulira cimanga, mtedza kapena fodya kumka nazo kumsika, ikayamba kulefuka pa citunda musafulumire kugulitsa mbuzi kuti mugule injini yina. Kawirikawiri mphamvu yace siinathe ai. Yangotsekeka, ndipo ibwerera ndi ndalama zocepa.

Yambani ndi mpweya, pakuti injini ipuma monga ng'ombe ya pa ngolo. Kuti itenthe kilogalamu 1 ya petulo ifuna makilogalamu a mpweya ngati 15. Tsono fumbi la misewu yathu litseka msanga sefa ya mpweya, imene amakaniko amati fyuluta, ndipo injini imwa petulo wambiri, nitulutsa utsi wakuda, koma osakoka. Sefa ya pepala muigogode pang'onopang'ono kuti fumbi ligwe. Musaitsuke ndi madzi, ndipo ikang'ambika gulani yina. Sefa ya malole akale, ija ya mbale ya oyilo, muitsuke ndi parafini, ndipo itauma muthire oyilo watsopano kufikira pa mzere. Alipo ena amene acotseratu sefa, ati galimoto ithamange. Kutero ndiko kudyetsa injini mcenga. Fumbilo lipala zitsulo za m'kati tsiku ndi tsiku.

Mukatero masulani mapulagi, injini itazizira, nimuyang'ane nsonga zace. Ikakhala yofiirira ndi youma, zonse ziri bwino. Mwaye wakuda usonyeza kuti petulo acuruka kapena mpweya ucepa, ndipo ngati sefa iri yoyera, kabureta ifuna munthu wodziwa kuicuna. Palani mwayewo, ndipo mpata wodumphapo moto ukhale monga linena buku la galimotoyo. Pa injini zambiri zakale uli pafupi ndi mamilimita 0.8.

Oyilo musinthe pofika makilomita 5,000, kapena msanga m'nyengo ya fumbi. Cenjerani ndi petulo wa m'zigubu, cifukwa ena asakanizamo parafini. Dziwaninso kuti kuyambira caka ca 1982 petulo wa m'Malawi asakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, amene aononga timapaipi takale ta mphira. Tikacita ming'alu, sinthani. Matayala opanda mpweya wokwanira, mabuleki ogwira, ndi matumba opitirira muyeso, zonsezi zidya mphamvu yomweyo.

Kufoka kwina sikuli nthenda. Kumapiri mpweya upepuka, ndipo injini itaya ngati gawo limodzi la magawo 100 a mphamvu yace pa mamita 100 ali onse okwera. Cifukwa cace galimoto imene ikoka bwino ku Nsanje idzaoneka yaulesi ku Dedza, ngakhale mutaikonza motani. Kumeneko cepetsani katundu, nimutsitse giya citunda cisanakule.

Koma mukaona utsi wobiriwira ngati thambo, oyilo nacepa masiku onse, zitsulo za m'kati zadyeka. Imeneyo si nchito ya pakhomo. Sungani ndalama za pa zokolola, mumuitane makaniko.