Popani tayala la lole mutaima chapatali

Chiikireni phula pa msewu wa makilomita 66 wochoka ku Mbinga kutsikira ku Mbamba Bay, malole olemera sasowa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nyasa. Madalaivala ndi amakaniko anzanga, tiyeni tikambirane za mpweya wa m'matayala, chifukwa ukauseweretsa umapha.

Choyamba, gulani geji ya malole. Tayala la 315/80R22.5 limafuna mpweya wa pakati pa 8 ndi 9 bar, pomwe geji zambiri za galimoto zing'onozing'ono sizifika pamenepo. Kugogoda tayala ndi chitsulo kumangokuuzani kuti silinaphwe, osati kuti mpweya wakwana. Pimani m'mamawa matayala asanatenthe, osaiwala tayala lam'kati kumbuyo. Likachepa mpweya, linzake limasenza katundu lokha mpaka kuphulika.

Mtsetse wochoka m'mapiri a Amatengo umatenthetsa mabuleki, kutenthako n'kulowerera m'marimu. Mukafika kunyanja geji imaonetsa mpweya wochuluka. Musaphwetse ayi. Tayala likazizira mpweyawo ubwerera m'malo mwake.

Chachiwiri, payipi yopopera ikhale yaitali mamita atatu kapena kuposerapo, ya kamwa lodzigwira lokha pa valuvu, geji ndi chotsekera zili m'manja mwanu. Lumikizani, kenaka muime kumbali komwe tayala limapondera pansi, osati moyang'anizana ndi rimu. Osakhalira tayala, osaweramirapo. Mukamva kuthetheka m'mbali mwake, ndiye kuti mawaya akuduka, tsekani mpweya nthawi yomweyo.

Marimu ogawika a magiredala ndi malole akale ndiwo oopsa koposa. Mkombero wachitsulo ukapanda kukhala bwino umafwamphuka ndi mphamvu yoswa mutu wa munthu. Tayala lotere lipopedwe lili m'khola lachitsulo, ndipo mpweya ukalowa musamenye mkomberowo ndi hamala.

M'misewu yafumbi ya ku Liuli ndi Lituhi kompresa simuipeza paliponse. Yendani ndi payipi yotengera mpweya ku thanki ya lole yanu, ndipo muzikhetsa madzi a m'thankimo tsiku lililonse, chifukwa chinyontho chimadyetsa rimu dzimbiri. Tayala lomwe layenda litaphwa musangolipopa, gulani lina kapena lichotsedwe, aliyang'ane m'kati.

Inu eni magalaji, geji ndi payipi n'zotchipa poyerekeza ndi tayala limodzi. Mnyamata amene mwamulemba ntchito musamulole kugwira payipi musanamuonetse poima.